Mmene ndinalondolera nkhani ya keke ya Marie Antoinette mpaka komwe inachokera

Ndinkalemba asayimenti ya French Revolution ya 1789 ndiye ndimafuna kutsegulira ndi mawu otchuka aja, akuti Marie Antoinette, mfumukazi ya ku France, atauzidwa kuti anthu alibe buledi anayankha kuti ndiye azidya keke. Ndinali nditawataipa kale pamwamba penipeni, kunangotsala kulemba komwe ndawatenga, ndipo apa mpamene ntchito inayambira.

Ndinasaka pa Google, mawebusayiti mbwee, koma nditayamba kutsegula imodziimodzi ndinaona kuti palibe ikunena tsiku lomwe anayankhula, malo ake, kapena munthu amene anamva ndi khutu lake. Ina ikuloza ku inzake, inzakeyo ikuloza ku buku la posachedwapa, bukulo likungoti "akuti". Ndinatenga pepala nkumalemba mivi kuti uyu watenga kwa uyu, uyu kwa uyu, mapeto ake ndinaona kuti anthu ambirimbiri obwereza nkhani imodzi si mboni zambiri ayi, angokopelana basi.

Ndiye ndinasintha funso, nkumadzifunsa kuti analemba koyambirira ndani? Mafutinoti ndi amene anandithandiza, timanambala ting'onoting'ono tija tomwe ambirife timangolumpha. Anandifikitsa kwa mlembi wina wotchuka, Jean-Jacques Rousseau, m'buku lake losimba za moyo wake la Confessions, gawo la 6. Bukuli lilipo laulere pa intaneti, ndinalitsegula la Chifalansa nkusaka mawu akuti brioche, chifukwa mu Chifalansamo mulibe keke, muli brioche, buledi wofewa wothira mazira ndi batala. Ndinawerenga ndime yonse, osati mzere umodzi wokhawo, ndipo izi ndikupemphani muzichita nthawi zonse. Rousseau akusimba za nthawi yomwe ankaphunzitsa ana pa nyumba ina ku Lyon cha mu 1740, ankaba vinyo nkumakamwera kuchipinda kwake koma analibe buledi wodyera, ndiye akuti anakumbukira zomwe ananena mfumukazi ina yaikulu, zoti anthu opanda buledi azidya brioche. Dzina sanatchule. Ndinabwereza kuwerenga kawiri kuti mwina ndalumpha, ayi ndithu mulibemo dzina la munthu.

Kenako ndinaika zaka pambali pa zinzake. Marie Antoinette anabadwa mu 1755 ku Vienna, anafika ku France mu 1770 ali ndi zaka 14. Rousseau gawo limeneli analilemba m'ma 1760, mtsikanayu adakali mwana kwawo ku Austria, ndipo zomwe akusimbazo nza nthawi yomwe iye asanabadwe nkomwe. Bukulo linatuluka mu 1782, Rousseau atamwalira kale mu 1778. Nditaona zimenezi mtima unandiwawa ndithu, munthu anadulidwa mutu mu 1793 ndipo mpaka lero tikumusenzetsa mawu oti sanawalankhule, zolakwa zake zenizeni tikhoza kukambirana koma izi si zake.

Apa mpomwe ndinamvetsa zomwe alekichala ankatiuza kuti pali mafunso awiri osiyana. Loyamba, chikalatachi nchenichenidi, analemba ndi amene akunenedwayo, pa nthawi imeneyo? Lachiwiri, zomwe akunenazo tingazikhulupirire? Pa funso loyambalo buku la Rousseau likukhoza bwinobwino, ndi lakedi. Koma lachiwiri likuvuta, chifukwa iye sanalipo pomwe mfumukaziyo imayankhula, akungonena zakumva, patapitanso zaka zoposa 20 chichitikireni zomwe akusimbazo, komanso cholinga chake chinali kukometsa nkhani ya vinyo wakeyo, osati kusunga mbiri ya mafumu.

Funso loyambalo nalonso musalipeputse. Mu 1983 magazini ya Stern ku Germany inalengeza kuti yapeza madayale a Hitler, mabuku pafupifupi 60, italipira ndalama zoposa 9 miliyoni za Deutsche Mark, ndipo katswiri wa mbiri Hugh Trevor-Roper poyamba anavomereza kuti ndi enieni. Atawapima ku Bundesarchiv, malo osungira zikalata za boma la Germany, anapeza kuti pepala lake linali ndi mankhwala oyeretsera omwe anayamba kugwiritsidwa ntchito nkhondo yachiwiri yapadziko lonse itatha, ulusi womangira mabukuwo unalinso wamakono. Analemba ndi munthu wina wachinyengo, Konrad Kujau. Chomwe chimandikhudza ine nchakuti anthu ankafunitsitsa kuti zikhale zoona, chimodzimodzi mmene ine ndimafunira mawu a keke aja chifukwa amakwanira bwino pa ndime yanga yoyamba. Lorenzo Valla naye mu 1440 anagwira bodza la chikalata chotchedwa Donation of Constantine, chonena kuti mfumu Constantine ya Roma inapereka ulamuliro kwa Papa, pongoyang'ana Chilatini chake, munali mawu ngati satrap, dzina la udindo wa ku Persia, omwe sakanapezeka m'kalata ya boma la Roma ya nthawi ya Constantine.

Chomaliza chomwe ndinachita ndi kufufuza ngati alipo wa nthawi ya Revolution yemwe analemba kuti Marie Antoinette ananena zimenezi, poti adani ake anali ambiri ndipo timapepala tomunyoza tinkasindikizidwa tambirimbiri, akanakhala kuti ananenadi sakanazisiya. M'mabuku onse a akatswiri omwe ndinabwereka ku laibulale sindinapezemo umboni wotero, iwo akuti dzina lake linamatidwa pa mawuwa patadutsa zaka zambiri atamwalira.

Ndime yoyamba ija ndinaifufuta nkulemba ina. Mawu a keke ndinawasiyamo koma ndinalemba kuti amapezeka kwa Rousseau opanda dzina, ndinaika zaka zija 1755 ndi 1770 pambali pake, futinoti nkuloza gawo la 6 lomwe ndinawerenga ndekha. Zinanditengera masiku atatu pa ndime imodzi yokha, asayimenti yonse ndinakapereka tsiku lomaliza madzulo.