Lamba amulanda pa sikelo, koma Gaethje wagogoda

Lamulungu, 8 Meyi 2022

Nkhonya za UFC, mpikisano wa ndewu zosakaniza nkhonya, mateche ndi kulimbana, zikamachitikira ku America, ife kuno timalipira ndi tulo. Ndadzuka kudakali mdima bii, ndadzikuta bulangete pampando, alamu anga ali pambali ndi kapu ya tiyi. Iwo anabwera dzulo dala kuti adzandiseke Charles Oliveira, ngwazi ya ku Brazil imene ndimaikonda, akamaswedwa ndi Justin Gaethje ku Phoenix. Gaethje ndi mwana wa ku Arizona komweko, ndiye bwalo lonse linali lake.

Kundinyogodola anayamba Lachisanu. Oliveira atakwera pa sikelo analemera mapaundi 155.5, pomwe polimbirana lamba wa gulu lake la lightweight malire a kulemera ndi 155. Anamupatsa ola lina kuti akakhetse thukuta, atabwerera sikelo inanenabe zomwezo. Theka la paundi, magalamu 227, osakwana ndi kota yomwe ya paketi ya shuga. Akuluakulu anagamula kuti lamba si wakenso: akapambana Gaethje atenga, akapambana Oliveira lambayo akhala wopanda mwini. M'mbiri ya UFC palibe ngwazi ina imene inatayapo lamba mwanjira imeneyi. Omenya angapo adandaula kuti sikelo imene ankadziyesera ku hotelo inkasiyana ndi yeniyeniyo, koma alamu sakufuna kumva zimenezo. "Musamuikire kumbuyo inu, ndi khalidwe lake. Ali ku featherweight, gulu la opepukirapo, analephera sikelo kangati?" Apa sindinatsutse, analepheradi kangapo.

Ndewu yaikulu isanafike, Michael Chandler wamugoneka Tony Ferguson ndi phazi la pachibwano, tonse tadzambatuka. Kenako Rose Namajunas ndi Carla Esparza atizungulira m'khola maraundi asanu osakhudzana kwenikweni, mpaka alamu anayamba kusinza.

Ya Oliveira yatenga mphindi 3 ndi masekondi 22 basi, koma mtima unali m'malere. Gaethje wamugwetsa kawiri, magazi ali chuchuchu pankhope. Ulendo uliwonse Oliveira amangogona chagada kumuyembekeza, Gaethje n'kubwerera m'mbuyo, kumukodola kuti adzuke. Apa ndiye pagona nkhani. Wina aliyense ukamugwetsa umamugwera pamwamba n'kumaliza ntchito, koma uyu pansi ndi pakwawo, ndiye anthu amaopa kumutsatira, iye n'kupezerapo mpata wopuma. Atadzuka wapitabe kutsogolo ndi maondo ndi zigongono, mpaka dzanja lamanja lamupeza Gaethje n'kumukhazika pansi. Oliveira sanazengereze ngati mnzake uja. Wamukwera kumsana, mkono wadutsa pakhosi, Gaethje wagogoda kusonyeza kuti wagonja. Alamu angoti kukamwa yasa, tiyi wazizira m'kapu. Pamaikolofoni mwini wake wanena kuti ngwazi ili ndi dzina, ndipo dzinalo ndi Charles do Bronx, dzina lake lamasewera, kenako waitana katswiri wa ku Ireland Conor McGregor kuti adzamenyane.

Titaweruka kutchalitchi, pa nsima, mlongo wanga wafunsa chimene ndimamukondera munthu woti amagwa pafupifupi ndewu iliyonse. Ndayamba kufotokoza mpaka ndiwo zandithera.

Mnyamatayu anabadwa mu 1989 ku Guarujá, m'mbali mwa nyanja m'chigawo cha São Paulo, n'kukulira m'dera la anthu osauka la Vicente de Carvalho. Ali ndi zaka 7 anamupeza ndi rheumatic fever komanso vuto la mtima, madokotala n'kunena kuti zamasewero aiwale. Jiu-jitsu, luso lolimbana pansi popana ndi kupinda, anaiyamba ali ndi zaka 12. Mu 2008, tsiku loyamba kumenya zolipidwa, anapambana ndewu zitatu usiku umodzi. Mu Ogasiti 2010 analowa UFC asanakwanitse zaka 21, n'kumupinda mkono Darren Elkins m'masekondi 41.

Zaka zotsatira ndi zimene alamu amakonda kukumba. Ankati akapambana ziwiri, yachitatu wagwa. Mu 2015 ndewu yake ndi Max Holloway inathera mu raundi yoyamba atavulala cha m'khosi, ndipo anthu anamupachika dzina loti ndi wofooka mtima, zikangothina amafuna khomo. Pamene Paul Felder ankamusinja ndi zigongono mu Disembala 2017, anali atapambana 10, kugonja 8 mu UFC, ina imodzi yosawerengedwa. Ambiri tinkamuona ngati wongodzazitsa pulogalamu: wosangalatsa kuonera, koma wosafika patali.

Chichokereni kwa Felder sanagonjenso. Ya lero ndi ya nambala 11 motsatizana. Ku jimu ya Chute Boxe ya mphunzitsi Diego Lima mumzinda wa São Paulo anamunola nkhonya ndi mateche mpaka anasiya kukhala munthu wodalira zapansi zokha. Mu 2018 anaposa Royce Gracie, katswiri wakale wa UFC, pa chiwerengero cha anthu ogonjetsedwa powapana kapena kuwapinda, ndipo ndi Gaethje afika 16. Lamba anamutenga mu Meyi chaka chatha ku Houston, mwini wake wakale Khabib Nurmagomedov atapuma. Chandler anatsala pang'ono kumumaliza mu raundi yoyamba, koma yachiwiri itangoyamba, masekondi 19, Chandler ndiye anali pansi. Imeneyo inali ndewu yake ya nambala 28 mu UFC. Mu Disembala Dustin Poirier naye anamugwetsa, mapeto ake anagogoda mu raundi yachitatu Oliveira atamukangamira kumsana ali chiimire.

Ndiye Chandler, Poirier, Gaethje, onse omenya nkhonya zolemera, onse anamuzunguza mutu, ndipo palibe anafika naye kwa majaji. Amene akumutchabe wofooka mtima anasiya kuonera mu 2017. Za sikelo sindimukhululukira kwathunthu ayi, ngwazi imayenera kufika ndi thupi lokwana. Koma kundiuza kuti gulu la lightweight lero lilibe mwini, pepani, zimenezo n'zapapepala.

Madzulo ndawaperekeza alamu kokwerera minibasi. Njira yonse amangotchula Islam Makhachev, mnzake wa Khabib wa ku Dagestan. Akuti ameneyo sadzabwerera m'mbuyo ngati Gaethje, adzamutsatira pansi pomwepo n'kumukhalira. Kunena zoona, pa onse otsala ndi yekhayo amene akundidetsa nkhawa, chifukwa mwayi wopuma chagada uja sudzakhalapo. Sindinawauze zimenezo. Tagwirizana kuti akadzakumana awiriwa, wogonja pakati pa ine ndi iwo adzagula nkhuku yachikuda, ndipo mlongo wanga wakana kale kuti sadzaphika iye.