Masabata atatu ndikulimbana ndi Audacity

Dzulo podikasiti yanga yoyamba, pulogalamu ya mawu yomvera pa foni kapena pa intaneti, yatuluka. Ndi ya mphindi 14 zokha, koma yandidyera masabata atatu. Ndinakajambula agogo ena ku Dómue, m'boma la Angónia ku Mozambique, akufotokoza m'mene ankasungira mbewu ya mbatata ya kachewere kale, ndipo pobwerera ku tauni ya Ulóngue pa chapa (minibasi) ndinkadziona ngati ndamaliza ntchito. Kumeneko kunali kudzinamiza.

Audacity, pulogalamu ya pa kompyuta yokonzera mawu ojambulidwa, ndi yaulere, kuiika pa kompyuta sikuvuta, zimenezo sindichedwapo. Vuto linabuka nditakokera mawu a agogo mu pulogalamuyo: inakana. Foni yanga imajambula mu mtundu wa fayilo wotchedwa m4a, ndipo Audacity simatsegula m4a popanda kachinthu kena kotchedwa FFmpeg. Ine zimenezo ndikanazidziwira kuti? Ndinapita kwa mnyamata wina wa kashopu ka makompyuta pafupi ndi msika. Anayang'ana foni, n'kupukusa mutu ngati dokotala, n'kuti, "Achimwene, iyi ndi ntchito yaikulu, meticais 300." Ndinalipira. Anati ndibwere masana. Masana magetsi anathima. M'mawa mwake ndinapeza potseka, akuti wapita ku maliro. Tsiku lachitatu anandipatsa fayilo ya MP3 yodukira pakati, nkhani ya agogo itathera pa mawu akuti "ndiye tinkatenga phulusa". Pambuyo pake mlamu wanga, mwini laputopu yomwe ndinabwereka, anaika FFmpeg mphindi zisanu zisanakwane, osalipira kanthu. Mpaka lero ndikadutsa pa kashopu kaja mtima umandiwawa.

Mukamajambula, yambani mwakhala chete masekondi khumi musanayankhule. Noise Reduction, mbali ya Audacity yochotsa phokoso (ya mlamu wanga imalemba Redução de ruído poti ili m'Chipwitikizi), imafuna kuti muisonyeze kaye kachigawo ka phokoso lokhalokha, kenako musankhe mawu onse n'kuibwerezanso. Ine ndinalibe kachigawo koteroko, agogo anayamba kuyankhula ndisanakhale n'komwe pansi. Ndinachita kusakasaka pomwe ankapuma kuti afwenthe fodya. Komanso Noise Reduction musaikankhe kwambiri. Nditaikweza kupitirira 20 dB (muyezo wa kukwera kwa mawu), agogo anamveka ngati akuyankhulira mu mgolo wa madzi, ndiye ndinatsitsa kufika pa 12. Tambala wawo ndiye sanachoke. Noise Reduction imachotsa phokoso losalekeza monga kulira kwa fani, osati tambala kapena njinga yamoto. Zimenezo mumadula ndi dzanja, ndipo mukalakwitsa Ctrl+Z ilipo yobwezera m'mbuyo.

Ndaiwala, sungani kopi ya fayilo yoyambirira kwina musanaikhudze. Dinani Ctrl+S pafupipafupi kuti musunge ntchito yanu, batire ya laputopu yobwereka siyodalirika.

Kudula "eee" ndi "ndiye kuti" ndinapitirira muyezo, mpaka agogo anayamba kuyankhula ngati akuthawa mvula. Ndinabwezeretsa ena. Munthu wamkulu amayankhula mopumira, msiyeni apume. Pomaliza Normalize pa -1 dB kuti mawu akwere osang'aluka.

Manyazi enieni anadza kumapeto. Ndinachita Save, n'kutumiza fayilo ya .aup3 pa gulu la WhatsApp, ine mtima uli m'malo. Mayankho onse: "Sizikutseguka." Fayilo imeneyo ndi ya Audacity yokha. Yoti anthu amvere mumachita Export kukhala MP3, ndipo ngati ndi mawu okhaokha sankhani mono pa 64 kbps, mphindi 14 sizifika ma MB 7, anthu sadandaula za mamega.

Loweruka ndikubwerera ku Dómue. Ndawauziratu adzukulu awo kuti tambala uja akamutsekere kutali, ndipo agogo ndidzawapempha masekondi khumi a chete tisanayambe.