Sabata imene ndinasankha mapadi a mabuleki a Mazda MX-5 ku Nchalo

Ntchito yathu ya tsiku ndi tsiku pa galaja ku Nchalo ndi ya maminibasi oyenda pakati pa Blantyre ndi Nsanje, mapikapu a ogula thonje ndi ng'ombe, komanso malole amene amafika mabuleki akununkha atatsika zitunda za ku Thabwa. Koma Lolemba lapitali kunafika galimoto imene sitiiona kawirikawiri kuno kuchigwa: Mazda MX-5 yamtundu woyamba umene unatuluka mu 1989, ya mipando iwiri, ya injini ya malita 1.6, ndipo kulemera kwake sikufika bwinobwino tani imodzi. Eni ake ndi bambo ena ogwira ntchito kuminda ya nzimbe, amene pa tchuthi amaitengera ku South Africa kukaithamangitsa pa bwalo la mipikisano ya magalimoto la Zwartkops, kufupi ndi Pretoria.

"Amisiri," anatero, "mundipezere mapadi amphamvu kuposa onse, ngati amene anzanga amaika mu BMW zawo zamipikisano."

Ndisanagwire sipanala ndinawapempha kuti andifotokozere zimene phazi lawo linamva, chifukwa pa nkhani ya mabuleki phazi la dalaivala ndiye mboni yoyamba. Iwo anati atazungulira bwalolo kangapo, chopondera chinali cholimba ndithu koma galimoto inkapitirira malo amene ankafuna kuima, ndipo chakumasana chopondera chomwecho chinafewa mpaka kutsika pafupi ndi pansi. Amenewa ndi matenda awiri osiyana, ngakhale onse amabadwa ndi kutentha. Chopondera chikalimba galimoto osaima, ndiye kuti mapadi apsa: utomoni umene umagwirizanitsa zosakaniza zake wayamba kutulutsa mpweya, nkhope ya padi yasalala ngati galasi, ndipo sikuluma disiki, chitsulo chozungulira pamodzi ndi tayala chimene mapadi amachipana kuti galimoto iime. Chopondera chikafewa, ndiye kuti mafuta a mabuleki awira, ndipo phazi likungopanikiza thovu. Titachotsa matayala tinapeza zonse ziwiri, mapadi onyezimira ndi mafuta oderako amene sanasinthidwe kwa zaka.

Lachiwiri lonse linathera pa kusankha, ndipo apa ndi pamene ndinasiyana maganizo ndi bwanawo. Ntchito ya buleki ndi kusandutsa liwiro kukhala kutentha, ndipo kuchuluka kwa kutenthako kumadalira kulemera kwa galimoto ndi liwiro lake; liwiro likawirikiza kawiri, kutentha kumawirikiza kanayi. BMW imene ankaitchulayo imalemera pafupifupi tani imodzi ndi theka ndipo imafika pa ngodya ndi liwiro lalikulu, choncho mapadi ake anapangidwa kuti agwire bwino disiki itatentha madigiri mazana ambiri. Galimoto yopepuka ya injini yaing'ono, pa bwalo lalifupi la makilomita 2.4 ngati Zwartkops, kawirikawiri siwafikitsa mapadi otero pa kutentha kumene amakufuna. Akakhala ozizira amalira, amatulutsa fumbi lambiri, ndipo amapala disiki ngati tupa. Akatentha n'kuluma mwadzidzidzi, matayala wamba amsewu amene ali pa galimotoyi sangapirire, amangosiya kuzungulira n'kutsetsereka, makamaka poti galimotoyi ilibe ABS, makina oletsa matayala kusiya kuzungulira poponda buleki mwamphamvu. Chimene chimaimitsa galimoto ndi tayala logwira phula, ndipo padi yoluma kuposa mphamvu ya tayala imangomulanda dalaivala luso loponda pang'onopang'ono.

Panalinso chinthu china chimene ndinachiika patsogolo. Galimotoyi sikhala pa bwalo chaka chonse. Imayendanso mumsewu wa M1, pamene ng'ombe, mbuzi, a kabaza ndi ana asukulu amatha kutulukira nthawi iliyonse, ndipo pamenepo buleki iyenera kugwira pa kuponda koyamba, idakali yozizira. Sindingalole kuti galimoto ituluke m'manja mwanga ndi mapadi ofuna kutenthetsedwa kaye asanagwire, chifukwa mwana wodutsa msewu pa Dyeratu sadikira zimenezo.

Ndinawaonetsa zilembo ziwiri zimene zimalembedwa m'mbali mwa mapadi ambiri amsewu, monga EE, FF kapena GG. Chilembo choyamba chimanena za kuluma kwa padi pa kutentha kochepa, chachiwiri pa kutentha kwakukulu; nambala ikakwera kuluma kumakulanso, ndipo E ndi kuyambira 0.25 mpaka 0.35, F ndi 0.35 mpaka 0.45, pamene G ndi 0.45 mpaka 0.55. Akale aja anali EE, okwanira kupitira kumsika koma osati kuponda mwamphamvu mobwerezabwereza. Tinkafuna a pakatikati, opangidwira msewu ndi bwalo lomwe, a gulu la Ferodo DS2500 kapena EBC Yellowstuff, amene amagwira ali ozizira komanso amapirira kutentha kumene mapadi wamba amafookera. Bwanawo anakhala chete kwa kanthawi, kenaka anati, "Chabwino amisiri, inu ndi amene mwaona mkati mwake." Tinagwirizana za Yellowstuff kutsogolo ndi kumbuyo komwe, chifukwa kuika oluma kwambiri kutsogolo kokha kumasenzetsa matayala awiri ntchito ya anayi, pamene kuika oluma kumbuyo kokha kumachititsa kuti galimoto izungulire pa ngodya.

Mapadi otere sapezeka mwachisawawa m'masitolo a zida ku Limbe, choncho tinaitanitsa ku Johannesburg. Lachitatu wogulitsa anatumiza chithunzi pa WhatsApp asanapakire, ndipo ndinaona kuti watenga a MX-5 ya injini ya 1.8, imene madisiki ake akutsogolo ndi a mamilimita 255, pamene yathuyi ndi a 235. Ndinamutumizira chithunzi cha padi yakale itagona pambali pa tepi yoyezera, iye anasintha, ndipo katundu anakwera basi tsiku lomwelo.

Podikira, Lachinayi tinagwira zotsala. Tinayeza madisiki n'kupeza kuti makulidwe ake akadali pamwamba pa malire olembedwa pa disikiyo, ndipo tinangowapala pang'ono kuti tichotse zotsalira za mapadi akale. Tinatsuka ndi kudzoza mapini a makalipa, zitsulo zimene zimapanikiza mapadi pa disiki, popeza pini imodzi inali itauma ndi fumbi la kuno, n'chifukwa chake padi yamkati inadyeka kuposa yakunja. Mafuta a mabuleki tinachotsa onse. Mafutawa ali m'magulu otchedwa DOT. DOT 3 watsopano sayenera kuwira asanafike madigiri 205 ndipo DOT 4 asanafike 230, koma mafutawa amayamwa chinyezi, moti akakalamba malirewo amatsikira ku 140 ndi 155. Tinathira mafuta a Motul RBF 600, amene akakhala atsopano amapitirira madigiri 300. Mnyamata amene ndikumuphunzitsa ntchito anafunsa ngati DOT 5 sangapose onsewa poti nambala yake ndi yaikulu, ndipo ndinamufotokozera kuti ameneyo ndi wa silikoni, sasakanizidwa ndi enawa, ngakhale DOT 5.1 amasakanizika.

Katundu anafika ku Blantyre Lachisanu masana, mnyamatayo anakatenga, ndipo tinamanga madzulo omwewo kutentha kutachepa.

Loweruka tinadzuka mbandakucha kukazoloweretsa mapadi ku madisiki, ntchito imene ambiri amaidumpha kenaka n'kumadandaula kuti chiwongolero chikunjenjemera. Padi yatsopano iyenera kupaka kagawo kake kopyapyala pa disiki mofanana mbali zonse. Tinasankha chigawo chowongoka cha msewu wopita ku Ngabu, pa nthawi imene kunalibe anthu ndi ziweto, ndipo bwanawo anaponda kakhumi kuchoka pa liwiro la makilomita 80 pa ola kufika pa 20 popanda kuimiratu, kenaka tinayenda mtunda ndithu osagwira buleki kuti zonse zizizire. Ndinawakumbutsa kuti akakamaliza kuthamanga ku Zwartkops azizungulira kamodzi pang'onopang'ono, ndipo akaima asakoke handibuleki madisiki adakali otentha, koma aike galimoto m'giya. Tinagwirizananso kuti azikayang'ana makulidwe a mapadi madzulo alionse, ndi kuti akadzagula matayala omata kwambiri a pa bwalo tidzakhalenso pansi, chifukwa pamenepo mapadi amenewa angadzakhale ochepa mphamvu. Mapadi akale ndinawasunga pa shelefu, ndipo Lolemba ndiyamba nawo pomuphunzitsa mnyamata uja kusiyanitsa padi yodyeka ndi padi yopsa.