Soya wa ku Brazil pa mkangano wa America ndi China

M'phunziro la zachuma tafika pa misonkho ya katundu wolowa m'dziko, ndipo nkhani imene yandikhala m'mutu ndi ya soya.

Mu 2018 boma la Donald Trump linakweza misonkho pa katundu wochokera ku China. China sinachedwe kubwezera: pa 6 July chaka chomwecho inaika msonkho wa 25 peresenti pa soya wa ku America. Koma nkhumba ndi nkhuku za ku China sizinasiye kudya. Makampani ogaya soya wopangira chakudya cha ziweto anangotembenukira ku Brazil, sitima n'kumadzaza pa madoko a Santos ndi Paranaguá. Chaka chimenecho, pa matumba anayi alionse a soya amene China inagula kunja, pafupifupi atatu anachokera ku Brazil. Malonda a soya wa ku America ku China anatsika kuchoka pa madola pafupifupi 12 biliyoni mu 2017 kufika pa 3 biliyoni.

Nanga soya wotsalayo anapita kuti? Mtengo wake utagwa, ogula a ku Ulaya anamuthamangira. Ngakhale Argentina, dziko lolima soya kwambiri, inagulako chifukwa chilala chinali chitawononga mbewu kumeneko. Alimi a ku America, m'zigawo za Iowa ndi Illinois, anapulumukira ndalama zimene boma lawo linawapatsa zowapepesera.

Chimene chikundivutitsa maganizo n'chakuti phindu la mkangano wotere siligwera aliyense. Brazil inapindula chifukwa minda ikuluikulu ya ku Mato Grosso, nkhokwe, malole ndi madoko zinalipo kale. N'chimodzimodzi Vietnam ndi Mexico, kumene mafakitale anayamba kutumiza ku America katundu amene kale ankachokera ku China, mpaka mu 2023 Mexico inapitirira China pogulitsa katundu ku America. Komatu zipangizo zambiri zimene amalumikiza m'mafakitale a ku Vietnam zimachokerabe ku China komweko.

Ifenso soya timalima, ku Mchinji, ku Kasungu, ku Lilongwe. Zimandipweteka kuganiza kuti msika waukulu chonchi unatseguka ife tilibe soya wokwanira kulowamo, ndipo wochepa amene tili nayeyo ayenera kuyenda ulendo wautali wodula kukafika ku Beira kapena ku Nacala asanakwere n'komwe sitima.