Ululu watha, koma ntchafu sinachire

Lero Lachinayi linali tsiku langa lokaonana ndi a mafizo, ndipo ndinanyamuka pakhomo ndili ndi chiyembekezo choti andiloleza kuyambiranso mpira, popeza ntchafu yanga yakumanja inaleka kupweteka poyenda. Mikwingwirima yakuda imene inatsetsereka mpaka kuseri kwa bondo yazimiririka, kutsimphina kwatha, ndipo chitunda chopita ku siteji ndachikwera osapumira panjira. Mu minibasi mokha ndi momwe mwendo unadandaula, chifukwa m'mphepete mwa mpando munkadinda pamalo penipeni pomwe mnofu unang'ambika, moti ulendo wonse ndinakhalira thako limodzi.

Ndinavulala pa mpira wa Loweruka womwe timasewera ife akuluakulu apantchito, ndipo palibe amene anandigunda. Ndinkathamangira mpira wautali, kenaka ndinangomva chinthu chikuduka mkati mwa ntchafu, mwendo n'kukana kuponda. Kuseri kwa ntchafu kuli minofu itatu yotchedwa hamstring, yomwe imayambira pa fupa lokhalira la m'thako n'kukathera kunsi kwa bondo, ndipo ntchito yake ndi kupinda bondo ndi kukokera mwendo kumbuyo. Mwa itatuyi, umene umang'ambika kawirikawiri kwa anthu othamanga ndi wa chakunja, wotchedwa biceps femoris, ndipo wanga ndi womwewo. Umang'ambika pa kanthawi kamene mwendo waponyedwa kutsogolo phazi lisanafike pansi, chifukwa pamenepo mnofuwo umakhala ukutalika uku ukulimbana ndi kuimitsa mwendo. Anandiuza pachiyambi kuti kuvulalaku kuli m'magulu atatu ndipo kwanga ndi kwa gulu lachiwiri, kutanthauza kuti mbali ina ya mnofu inang'ambika koma sunaduke wonse.

Mayi amene amandithandiza mafizo anayamba ndi kundigoneka chafufumimba n'kumadinda ntchafu ndi chala kuchokera m'thako kutsika mpaka ku bondo. Ululu unapezeka pa kamalo kakang'ono kwambiri poyerekeza ndi kale, ndipo ndinakondwa. Kenaka anandiuza kuti ndipinde bondo iwo atagwira chidendene n'kumakankhira pansi. Bondo litapindika kwambiri, miyendo yonse iwiri inali ndi mphamvu yofanana. Koma atawongola mwendo kuti utsale pang'ono kufika pa bedi n'kundiuza kuti ndikokenso, wakumanja unayamba kunjenjemera ndipo unagonja msanga, pamene wakumanzere unalimba osasuntha. Pomaliza anandigoneka chagada kuti ndiponye mwendo wowongoka m'mwamba mofulumira, ndipo thupi langa linauimitsa lokha usanafike patali, ngakhale kuti ululu weniweni sindinaumve.

Atamaliza anati, "Bambo, mwendowu ndi woyendera, koma sunafike pothamangira." Anafotokoza kuti mnofu ukang'ambika, thupi limayamba ndi kutseka mpatawo ndi chipsera, ndipo ulusi watsopano wa mnofu umamera pang'onopang'ono kulowa m'chipseracho. Ululu umachoka msanga kutupa kukangotha, koma chipsera chimakhala chikadali chouma ndi chosatamuka, ndipo chimafewa n'kukhala champhamvu pokhapokha mnofu ukamapatsidwa katundu mwadongosolo. Zili ngati nsalu yosokedwa, imene ukaikoka mwadzidzidzi imang'ambikira m'mbali mwa msoko. Ichi ndi chifukwa chake anthu ambiri amavulalanso pamalo omwewo m'masabata oyambirira atabwerera m'bwalo, ndipo kuvulala kwachiwiri nthawi zambiri kumatenga nthawi yaitali kuposa koyamba.

Mawu amenewa anandiwawa, chifukwa mpira wa Loweruka ndi umene umandichotsera kutopa kwa sabata yonse ndipo ndi komwe ndimaonerana ndi anzanga. Komabe ndinaona ndi maso anga mwendo ukunjenjemera, ndipo sindikanatsutsa.

Ntchito imene andipatsa tsopano ndi ya mitundu itatu, yochokera kwa katswiri wa ku Sweden, Carl Askling, ndipo yonse cholinga chake ndi kulimbitsa mnofu pamene watalika, pomwe wangawu ukufookera. Yoyamba ndi yogona chagada, kugwira ntchafu ndi manja awiri itaimirira, n'kumawongola bondo pang'onopang'ono mpaka pomwe ululu ukufuna kuyamba. Yachiwiri ndi yoimirira ndi mwendo wovulalawo wokha, kuweramira kutsogolo manja atatambasuka, mwendo winawo ukukwera kumbuyo. Yachitatu ndi imene yanditulutsa thukuta: chidendene cha mwendo wovulala chimakhala kutsogolo, dzanja likugwira chinthu cholimba, ndipo mwendo wabwino umatsetsereka kupita kumbuyo utaponda kansalu pa simenti yoterera, kenaka umadzikoka ndi manja kuti ubwerere. Mayiwo anandiuza kuti pa kafukufuku wa Askling wa mu 2013, osewera mpira a ku Sweden amene anatsatira njirayi anabwerera m'bwalo patatha masiku pafupifupi 28, pamene ochita mafizo achizolowezi anatenga masiku pafupifupi 51. Anandichenjeza kuti amenewo anali anyamata olipidwa, okhala ndi madokotala tsiku lililonse, choncho ndisadziwerengere masiku potengera iwo. Chomwe ndatolapo ine n'chakuti kugona pa mphasa kudikira kuti mnofu uchire wokha kumachedwetsa munthu, monganso kuthamanga nthawi isanakwane kumamubwezera m'mbuyo.

Masana ndinapita kuntchito. Kukhala pa mpando nthawi yaitali kumaumitsa ntchafu, motero ndinaika katsamiro kofewa ndipo ndinkadzuka pafupipafupi kuyenda m'khonde.

Pobwerera ndinadzera kwa apongozi anga, omwe akhala akundidera nkhawa chivulalireni. Atandiona ndikuyenda bwino anati, "Mwaonatu bambo, mukanalola kuti tikuthoweni tsiku lomwe lija, bwenzi pano mutaiwala." Ndinawayankha mwaulemu, chifukwa ndikudziwa kuti amanena mwachikondi ndipo kuthowa ndi madzi otentha ndi chithandizo chomwe tonse tinakula nacho. Koma pa mnofu wong'ambika kumene, m'masiku atatu oyambirira, kutentha ndi kusisita mwamphamvu kumatsegula mitsempha ya magazi n'kuwonjezera kukha magazi mkati, ndipo mowa umachitanso chimodzimodzi. Chofunika pa nthawi imeneyo ndi kupumitsa mwendo, kuumanga ndi bandeji mosathina kwambiri, kuukweza pamwamba, ndi kuikapo ayisi wokulungidwa m'nsalu kwa mphindi 15 mpaka 20. Ndinawauza kuti tsopano madzi ofunda ndi ololedwa ndisanayambe mafizo, ndipo anakondwa kumva kuti nzeru yawo ili ndi nthawi yake. Nkhaniyi imandikhudza chifukwa m'mabwalo athu ambiri munthu akagwira ntchafu, anzake amathamangira kuukoka mwendo poganiza kuti minofu yangokokana, ndipo kukoka kumeneko kumakulitsa bala. Kukokana kumatha pakapita mphindi zochepa munthu n'kuyendanso, koma amene wamva chinthu chikuduka ndipo akulephera kuponda ayenera kutulutsidwa m'bwalo osamuwongola mwendo.

Madzulo kaputeni wa timu yathu anandiimbira foni. "Achimwene, Loweruka kumbuyo kulibe munthu, bwerani mudzangoima pang'ono, simudzathamanga." Ndinakana, chifukwa wotchinga kumbuyo sangalonjeze kuti sathamanga, mpira ukadutsa, miyendo imanyamuka yokha mutu usanaganize. Ndinamukumbutsa za Usain Bolt, katswiri wothamanga wa ku Jamaica, amene pa mpikisano wa dziko lonse ku London mu 2017 anagwa m'njira pa liwiro lake lomaliza, lopatsirana kandodo la anthu anayi othamanga mamita 100 aliyense, mnofu womwewu wa mwendo wakumanzere utang'ambika. Ngati zinachitikira munthu wosamalidwa chotero, ife amene timatsika m'galimoto n'kulowa m'bwalo osatenthetsa thupi tili pa chiopsezo chachikulu.

Tinacheza nthawi yaitali za zomwe timu ingachite, popeza chaka chino si ine ndekha amene ndavulala ntchafu. Ndinamufotokozera za masewera otchedwa Nordic, omwe safuna chipangizo chilichonse: munthu amagwada, mnzake n'kumugwira akakolo mwamphamvu, ndipo wogwadayo amagwera kutsogolo pang'onopang'ono thupi lili chiwongokere, akudziletsa ndi minofu ya kuseri kwa ntchafu mpaka atafika pansi ndi manja. Ku Denmark anawayesa pa osewera 942, ndipo zotsatira zomwe zinatuluka mu 2011 zinaonetsa kuti m'matimu omwe ankachita masewerawa munavulala ntchafu ka 15, pamene m'matimu enawo munavulala ka 52. Masewera omwewa alinso mu ndondomeko yotenthetsera thupi ya FIFA 11+. Ine sanandilole kuwayamba, chifukwa ndi olemera kwa mnofu womwe ukuchira, koma anzanga omwe ali bwino palibe chowaletsa.

Ndisanakhale pansi kulemba izi ndachita mafizo a madzulo, mayi akunyumba akundiwerengera ndi kundiuza ndikapendekeka chiuno. Ntchafu yatopa koma sikupweteka, ndipo a mafizo anati chizindikiro chofunika ndi mmene idzakhalire mawa m'mawa: ikadzuka yowawa kuposa lero, ndiye kuti katundu wachuluka ndipo ndichepetse. Ikapitiriza bwino, sabata yamawa ndidzayamba kuthamanga pang'onopang'ono pa udzu, mowongoka, popanda kukhota kapena kumenya mpira, ndipo liwiro lidzawonjezeredwa m'magawo mpaka mwendo utafanana mphamvu ndi unzake. Loweruka ndidzapita ku bwalo ndithu, ndipo tagwirizana ndi kaputeni kuti mpira usanayambe ndidzawaonetse anyamata mmene angagwirirane akakolo awiriawiri.