Kalendala ya mizeremizere

Kuno ku kampani yosindikiza komwe ndimagwira ntchito, Novembala akafika ndi makalendala basi. Lolemba ndi Lachiwiri zinali za masiku onse, mabuku a malisiti, makadi a ukwati, magetsi kuzima masana, jenereta kulira.

Lachitatu ndilo linandipsetsa mtima. Kasitomala wina anatumiza kalendala ya A2, kumbuyo kwake gradient (mtundu wosintha pang'onopang'ono) ya buluu yotsika kuchokera pamwamba mpaka pansi. Failo inafika pa WhatsApp, JPEG ya RGB (mitundu ya pa sikirini) yofinyidwa kale. Nditaitembenuzira ku CMYK, mitundu inayi ya inki yosindikizira, ndinapeza cyan (buluu wowala) akuchoka pa 70 kufika pa 90 peresenti, mitundu inayo itangoima chilili. Anzanga a prepress, okonza mafailo asanasindikizidwe, mukudziwa kuti failo ya 8-bit ili ndi masitepe 256 pa mtundu uliwonse, ndiye 20 peresenti ndi masitepe 51 okha. Muwayale pa mamilimita 594, sitepe iliyonse ikuposa sentimita. Pa foni zimaoneka zosalala, koma pa pepala la gloss diso limatola mzere uliwonse.

Ndinalowa kwa abwana. "Bwana, ndipatseniko maola awiri ndiyipangenso, tionenso proof." Proof ndi kope loyeserera ntchito isanapite pa makina. Pepala la proof linatha kalekale ndipo silinagulidwe, ati forex. "Mwini wake wavomereza kale pa foni, ingotumizani ku RIP, achimwene," anatero. RIP ndi pulogalamu yosandutsa failo kukhala timadontho ta pa plate, chitsulo chosindikizira.

Lachinayi m'mawa mkulu wa pa makina anaimitsa ntchito n'kundiitana. Buluu uja anali ngati malata. Chomwe chinandiwawa kwambiri n'chakuti abwana anayamba kukalipira mkuluyo, munthu amene wakalambira pa inki, ati blanket (labala yopereka inki ku pepala) ndi yakuda, ati madzi achuluka. Bambo aja anatsuka, kusintha, kuyesanso, thukuta lili kamukamu, mizere osasuntha. Ikanasuntha bwanji poti inapsera pa plate? Ma plate anayi omwe timawaumira chonchi anapita kudzala, ndi mulu wa mapepala pamwamba.

Apo m'pamene maola awiri aja anapezeka. Ndinapanganso gradient mu Photoshop, mu CMYK kuyambira pachiyambi, pa 16-bit pomwe masitepe ndi oposa 32,000. Ndinalola magenta (inki yofiirira) nayenso kusintha pang'ono kuti malire a masitepe asagwere pamodzi, n'kuthira noise (timadontho tomwazika) wa 1 peresenti, kenako kutsitsira ku 8-bit dither (chosakaniza malire a masitepe) ali woyatsa. Pansi pomwe buluu amazilala kulowa m'malo a madeti sindinamufikitse pa ziro, chifukwa timadontho tosakwana 2 peresenti nthawi zambiri sitigwira pa plate yathu, ndipo pamatsala mpeto woonekera. Pepala loyamba litatuluka mkulu uja analiyang'ana pa nyali nthawi yaitali, n'kulipereka kwa abwana osanena kanthu.

Lachisanu tinadula, kuboola ndi kumanga, ndinaweruka kutada msana ukuwawa. Mkuluyo palibe amene wamupepesa. Pepala la proof silinagulidwebe, ndipo Lolemba kukubwera makalendala a masukulu.