Tsiku Limene Ndinatsuka Dayisi ya Eni Ake

Nditangofika ku Leeds kukachita maphunziro, bambo ena achikulire oyandikana nawo nyumba anandiitana kuti ndikasewere nawo Dungeons & Dragons, sewero la patebulo la madayisi lomwe wosewera amapanga munthu wongopeka n'kumamuyendetsa m'nkhani, koma osati ya masiku ano ya mabuku onenepa ija. Iwo amasunga bokosi la 1977, lomwe malamulo ake anachokera m'timabuku titatu timene Gary Gygax ndi Dave Arneson anatulutsa mu 1974 kudzera ku kampani ya TSR ya ku Lake Geneva, m'chigawo cha Wisconsin. Iwo amati kukoma kwa sewero lakaleli n'kwakuti munthu wako umamupanga tiyi asanazizire, poponya madayisi atatu kasanu ndi kamodzi n'kulemba manambala monga abwerera, ndipo ukalowa naye m'mapanga a pansi pa nthaka chokupulumutsa ndi kuchenjera basi, pakuti ngakhale khoswe wamkulu akhoza kumupha.

Anandibwereka dayisi ya mbali 20, yotha m'makona, yomwe mbali zake zina zinali zitamatirira phula lofiira. Poti kwathu anatiphunzitsa kusamala chinthu chobwereka, anzanga ali kukhitchini ine ndinatenga kamtengo kotokosera m'mano ndi kansalu konyowa, n'kuikolopa mpaka inachita kuwala.

Wankhondo wanga, yemwe ndinamupatsa dzina loopsa la Chiphaliwali, anakumana ndi tizilombo totchedwa goblin, tomwe kuti akanthe kamodzi pankafunika 13 kapena kuposa. Ndinaponya 4, kenako 7, kenako 2. Ndinauzira dayisiyo mpweya, ndinasintha dzanja, ndinasinthana mpando ndi mnzanga, koma usiku wonse Chiphaliwali ankangodula mphepo, tizilombo tikumuluma m'misongolo. Mayi ena a pagululo anayamba kundiyang'ana mwachifundo ngati munthu amene tsoka linamutsatira kuchokera kwawo.

Chiphaliwali atamwalira, eni nyumba anavala magalasi, n'kutola dayisi ija.

"Achimwene, kodi kufiira kunali apa kwapita kuti?"

"Ndachotsa, bambo. Linali litsiro."

Anakhala pansi mwakachetechete, kenako anaseka mpaka kutsokomola. Madayisi a mbali 20 a nthawi imeneyo sankalembedwa 1 mpaka 20, koma 0 mpaka 9 kawiri (0 ankawerengedwa ngati 10), ndipo osewera ankapaka chekeni theka la manambalawo kuti nambala yopakidwa iziwonjezeredwa 10. Pamene pankagwa 7 wofiira, ameneyo anali 17. Ukhondo wanga unachititsa kuti 10 akhale malire, ndiye kuti goblin aliyense m'phangamo anali wotetezeka kuposa mfumu. Phula limenelo bambowo analipaka ali mnyamata wa ku sekondale.

Chilango changa chinali kupakanso manambalawo ndekha, onse akundiyang'anira. Nditamaliza ndinapanga wankhondo wina, mng'ono wake wa malemu, ndipo ndinaponya dayisi mwaukali kuti ndilipsire m'bale wanga. Panagwa 3. Tonse tinawerama kuti tione ngati anali wofiira, ndipo sanali.